Kandowa ka Dothi Lakuda

"Kodi wezulo idalira kapena siidalire?"

Tine adafunsa ali chiimire pakhomo, chipewa chili kumutu ngati wafika kwa eni. Polona, mlongo wake, adapitiriza kudula mkate wa mtedza umene anansi adasiya tsiku la maliro. Mayi awo, a Neza, adakhala pafupi ndi mbaula, manja ali pamiyendo. Lovro, mwana woyamba m'nyumbamo, adangoti maso m'mbale.

Bambo awo, a Blaz Kolenc, adawaika m'manda Lachiwiri, m'bokosi limene wansembe adaletsa kutsegula.

Banjali litangofika kumene ku Kansas, dothi la pamwamba pa malasha ankalipala ndi nyulu zokoka chitsulo, ndipo nyulu ukaiuza kuti ima, imaima. Kenaka kampani idabweretsa chifosholo cha nthunzi, chimene sichimva munthu. Chinkayenda panjanji zimene amuna ankazula kumbuyo kwake n'kukaziyala kutsogolo, ndipo a Blaz adali mmodzi wa amunawo. Lovro ankakhala pamwamba, pakampando ka pamkono wa makinawo, atagwira chingwe chotsegulira kunsi kwa chidebe. Chidebe chikadzaza, woyendetsa ankaliza wezulo, mkono n'kutembenuka, Lovro n'kukoka chingwe. Tsiku la ngozi adakoka, ndipo miyala ndi makande zidakhuthukira pa bambo ake. Anthu adawafukula ndi manja. Idayamba kuoneka ndi nsapato, italoza kumene phazi la munthu sililoza.

"Ndikufunsa iwe, bishopu," adatero Tine. Iye ankagwira ntchito mumgodi wapansi, ndipo makinawo ankawatchula kuti chigalu. "Umakhala pampando wapamwamba paja, dziko lonse ukuliona. Bambo ako okha ndiwo sudawaone?"

"Vula chipewa udye, Tine," Polona adatero.

"Iwe dula mkate wakowo."

"Idalira," Lovro adayankha motsitsa.

"Ndiye bambo adali ogontha? Munthu wayala njanji chibwerere chigalucho, mwadzidzidzi n'kukaima potayira miyala? Ankakatani kumeneko?"

Lovro adaponya diso kwa mayi ake, n'kulibweza msanga. Polona adaliona disolo, ndipo mpeni udaima pakati pa mkate.

M'mawa wa tsiku lomwelo, pokatola nkhuni, Polona adali atapeza kandowa ka bambo awo konyamuliramo chakudya, katabisidwa kuseri kwa mulu. Kadali kophwanyika mbali imodzi, chivundikiro chitakanirira, ndipo kadali kolemera. M'nyumba mwa a Kolenc aliyense ankadziwa tanthauzo la kandowa kolemera.

A Blaz adakulira kumapiri a miyala yokhayokha, kumene dothi ankalinyamula m'madengu kuti apange munda waung'ono ngati bulangete. Kuno zinkawapweteka mtima kuona makina akukwirira dothi lakuda bii pansi pa makande. "Anthu awa akutaya mkate n'kusunga mbale," ankatero. Choncho madzulo aliwonse, makina akazima, ankadzaza kandowa kaja n'kubwera nako. Bwalo la nyumba ya kampani, limene lidali phulusa la malasha lokhalokha, lidasanduka dimba la nyemba, kabichi ndi adyo. Tine ankawaseka kuti adzasamutsa Kansas yense ndi supuni.

Koma ankatapa makina atazima. Ndipo Polona adakumbukira mawu amene mayi ake adalankhula m'mawa wa tsiku la ngoziyo, Tine atapita kale kuntchito: "Dzulo mwandibweretsera makande, a Blaz. Adyo wanga amera pambiya? Lakuda lija latha, kapena maso ndiwo atha?" Bambo adangoseka, nati kwatsala kamzere kamodzi kumalire a munda wa chimanga, ndipo chifosholo chikakwirira dzuwa lisanapendeke.

Lovro adamva mawuwo. Ndiye adabisa kandowako.

"Yankha, galu iwe!"

Tine adagubuduza tebulo. Mbale zidasweka, msuzi wa kabichi udayenderera mpaka kumapazi a mayi awo. Adamugwira Lovro pakhosi pa malaya n'kumukokera panja, ngakhale kuti Lovro ndiye adali wamtali ndi wamphamvu. Chibakera choyamba chidang'amba mlomo. Chachiwiri chidatseka diso. Lovro sadakweze ngakhale dzanja, ndipo zimenezo ndizo zidamupengetsa Tine.

"Bwezera! Udatha kupha nkhalamba, ine ukundiopa?"

Pakhoma padatsamira mpini wa piki. Tine adautola n'kumenya nawo m'nthiti. Padamveka kulira ngati nkhuni youma ikuthyoka. Lovro adagwera m'nyemba, mitengo yoyangira ikuthyoka naye, nalavula dzino pamodzi ndi magazi. Amayi oyandikana nawo adafika pampanda, zovala zonyowa zili m'manja, wina akukuwa dzina la Maria, koma palibe adalowa.

Polona adalumphira Tine kumsana. Chigongono chidampeza pamphuno, nagwa chagada, kukamwa kukumveka mchere.

"Ndithana ndi iwe kaye," Tine ankatero akupuma mwawefuwefu, "kenaka nditenga onga wa kumgodi, chigalu chako ndikachitumize kumwamba. Ankakatani kumeneko? Nena!"

"Ndidakoka msanga chingwe," Lovro adatero, mawu akutuluka ndi thovu lofiira. "Ndi ine. Basi."

Polona adayang'ana kukhomo. Mayi ake adali ataima pamenepo, atagwira mphuthu ndi manja onse awiri, aang'ono kuposa mmene adalili sabata yatha. Akadziwa, adzadya mawu awo aja m'mawa uliwonse mpaka kumanda. Polona adayang'ananso m'nyemba. Tine adali ataponda pachifuwa cha mkulu wake, ndipo mpini tsopano udalunjika kumutu.

Polona adathamangira kuseri kwa nkhuni. Pobwerera, mpini udali m'mwamba. Adaponya kandowa kaja ndi mphamvu zake zonse, ndipo kadamenya Tine pachifuwa n'kugwa pansi. Chivundikiro chidafwamphuka. Dothi lidakhuthuka, lakuda, lonyowabe, nyongolotsi imodzi ikudzipinda pakati pake.

Mpini udatsika pang'onopang'ono. Tine adayang'ana dothilo, nayang'ana kandowa kophwanyikako, kenaka mkulu wake.

"Masana?" adafunsa. "Makina akuyenda?"

"Polona," Lovro adatero, diso limodzi lija likutuluka misozi, "chitsiru iwe."



A Neza adatsika pakhomo. Adadutsa Tine ngati akudutsa mtengo, nagwada pafupi ndi kandowako. Pamwamba pa dothilo padali kachigamba ka udzu, koduliza bwino ndi mpeni, koikidwa chadodolido kuti dothi lisaume panjira. A Blaz ankachita choncho masiku onse. Ngakhale tsiku limenelo, wezulo ikulira pamutu pawo, adapeza nthawi yodula udzu.

Mayiwo adakatembenuza kachigambako m'manja kwa nthawi yaitali. Kenaka adatapa dothi, nalifikisa, nalinunkhiza.

"Ili ndiye lija," adatero, osauza munthu aliyense.

Adaliwola lonse ndi zikhato, ngakhale limene lidasakanikirana ndi magazi a Lovro, nalinyamula m'diresi mwawo kukalithira pamzere wa adyo. Nyongolotsi ija adaiika pansi payokha, naikwirira ndi chala. Atamaliza adapukuta manja, natola kandowa kaja n'kukapereka kwa Tine.

"Uli ndi mphamvu zambiri lero. Wongola aka."

Tine adataya mpini uja n'kukalandira.

"Polona, tenthetsa madzi umutsuke mlongo wako. Lovro, nthitizo zikapola ukubwerera pampando wako paja." Adaima pang'ono, akuyang'ana mzere wa adyo. "Ndipo chakudya uzinyamulira m'menemu."