Foni ya a Fulansisi Sinalire

"Adzukulu akana kukumba," anatero Boyd, akubweza foni m'thumba la malaya. "Akuti amalume sanawauze kanthu, ndiye khasu sagwira."

Leticia anali atagwada kuseri kwa nyumba ya mayi ake ku Kapata, akugawira shuga azimayi ophika tiyi wa anamalira. Sanadzuke msanga. Anamanga kaye kukamwa kwa thumba, kenako n'kuyang'ana mlongo wake wamng'onoyo.

"Sanawauze bwanji? Dziko lonse lamva."

Pamenepo sananame. Mayi awo, a Rosina Mbewe, anali atamwalira dzulo lake m'mawa kuchipatala. Anali ndi sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Down Shops, ndipo alimi kuyambira ku Mwami mpaka kupitirira Tamanda ankawadziwa, ngakhale amene nkhope yawo sanaionepo, chifukwa cha mauthenga a pafoni. Feteleza akafika, mbewu ikatsika mtengo, mbozi zikayamba kuboola chimanga, Leticia ankalemba pakompyuta ya m'sitolo zimene amayi anena, n'kudina kamodzi, uthenga n'kugwera m'mafoni zikwi. Boyd anawanyengerera kambirimbiri kuti asamukire pa Watsapu ngati masitolo ena onse, koma iwo ankangomuseka. "Alimi anga ali ndi mafoni a mabatani omanga ndi mphira. Chithunzi chakocho akachionera pati?"

Ndiye dzulo, atangowatseka maso amayi, Leticia anachoka kuchipatala molunjika kusitolo, misozi ili chuchuchu, nalemba za maliro n'kutumiza kwa onse. Ntchito imene kale inkatha miyendo ya anthu a panjinga, iye anaigwira tiyi asanazizire. Anthu anayamba kufika dzuwa lisanafike pamutu, ena ndi nkhuni, ena ndi ufa, ndipo pakati pa chisoni chonsecho Leticia ankamva kakunyada kuti wawachitira amayi chinthu chooneka.

"Asisi, tiyeni tiike kuno kutauni," anatero Boyd. "Manda a khonsolo alipo. Munthu mlongo wake wamwalira, iye ali phee kumudzi, ife tizimuchonderera?"

"Amayi ananena okha, iwe ulipo. Tikawaike kumudzi, pafupi ndi agogo."

"Ndinamva. Koma sangakhalitse kumochale ngati alibe ana. Dzuwa likalowa asanakumbe, mawa m'mawa ine ndikupita kukhonsolo."

Boyd sanali munthu woipa, kungoti Lusaka inamuphunzitsa kuti chilichonse chili ndi ofesi yake. Ndipo akanena kuti apita, amapitadi. Leticia anaimbira amalume awo, a Fulansisi, mlongo wamkulu wa amayi amene anatsala kumudzi kufupi ndi Tamanda. Foni inalira mpaka kutopa. Anaimbira akazi awo, mayi Tamiwe, amene anayankha ndi mawu otsika ngati ali m'tchalitchi.

"Anti, amalume ali kuti?"

"Ali kudimba."

"Kudimba? Lero?"

"Bwera wekha, mwanawe. Za pafoni zakwana."

Leticia anapsa mtima, ndipo sanabise. Anatenga makiyi a kagalimoto ka sitolo pamsomali, nauza azimayi kuti shuga wina ali m'chipinda.

"Mukukapepesa chiyani?" anafunsa Boyd akumutsatira mpaka pageti.

"Ndani wati ndikukapepesa? Ndikukafunsa. Iwe usayende kupita kulikonse ndisanakuimbire."

Mvula yoyamba yeniyeni inali itagwa usiku wathawo, ndipo atangosiya tala, msewu unali phala lokhalokha. M'minda ya m'mbali mwa msewu anthu anali wera, wina kukumba, wina kuponya mbewu, wina kukwirira ndi phazi. Leticia ankayendetsa akukonza mawu. Anali nawo ambiri, ndipo onse anali akuthwa. Amalume amenewa amayi ankawakonda kuposa mchere, feteleza woyamba kufika m'sitolo ankapita kwa iwo, lero n'kumalima dimba mlongo wawo ali mufiriji?

M'mudzimo munali zii. Panalibe kulira, panalibe moto wa pamaliro, komanso panalibe munthu wopita kumunda. Anthu anali atangokhala m'makonde, ndipo galimoto itadutsa ankayang'ana kumbali. Mayi Tamiwe anamulandira pakhomo, namukhazika pamphasa, naletsa ndi dzanja pamene Leticia anafuna kuyamba kulira.

"Usayambe. Muno simunagwe maliro."

"Anti, mukunena chiyani? Amayi..."

"Ndikudziwa. Tonse tikudziwa. Khala chete ndikuuze zimene unachita."

Dzulo, anatero mayi Tamiwe, alimi a kopaletivu anali pamsonkhano pabwalo la sukulu, akukambirana za feteleza. A Fulansisi anali ataimirira, akulankhula. Mwadzidzidzi mafoni onse analira pamodzi, wina m'thumba, wina pampango, wina m'chipewa. Anthu anaseka, poganiza kuti Nambewe watsitsa mtengo wa mbewu. Atawerenga, kuseka kunatha. Aliyense anazolika. A Fulansisi anatulutsa foni yawo, koma munalibe kanthu. Anafunsa kuti kwagwanji, palibe anayankha, pakuti ndani angauze munthu za mlongo wake pabwalo la sukulu, iye asali mwini mtembo? Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi, ndipo wapampando anatseka msonkhano osapemphera.

"Anaimirira pomwepo yekha, foni ili m'manja. Si mwana, anaona nkhope za anthu. Anabwera kuno, natenga khasu. Chichokere dzulo sanadye, ndipo msozi sunagwe."

"Nanga inu simunawauze?"

"Ine ndine mkazi wake, sindine wa kwa Mbewe. Mwini mbumba sauzidwa maliro ndi anthu a m'njira, kapena ndi mkamwini, kapena ndi ine. Amene ali ndi mtembo ndiye amabwera kudzagwada n'kunena. Asanauzidwe sangalire. Iye asanalire, mudzi sungalire, adzukulu sangakumbe. Ukuganiza kuti akukulanga? Munthu uja akufa ndi kulira kumene kwamutsekera pakhosi."

"Koma nambala yawo ili m'kompyuta. Ndinatumiza kwa onse."

"Tayang'ana."

Leticia anatsegula pafoni yake, imene inali yolumikizidwa ndi kompyuta ya m'sitolo, pamene pamakhala manambala a alimi, nalemba dzina. Kunatuluka a Fulansisi a ku Mtenguleni, a Fulansisi ena ogulitsa thonje, koma amalume ake panalibe. Analemba nambala yawo yeniyeni. Panalibe. Mawu onse akuthwa amene anakonza m'njira anamuthawa, ndipo manyazi amene anamugwira anali oti akanatha kulowa pansi pa mphasayo. Anali atauza anthu zikwi, n'kusiya mmodzi yekha amene anayenera kumva poyamba.

Sanataye nthawi ndi kudziimba mlandu. Anavula nsapato, nasiya foni pamphasa, napempha chitenje chakuda. Mayi Tamiwe anam'manga bwinobwino m'chiuno, namulozera kanjira kotsikira kudambo.

Anawapeza akupalira mpiru umene unalibe udzu. Mzere womwewo anali ataubwereza mpaka dothi linasalala. Anali mwamuna wamtali wowonda, wa mapewa ngati a amayi, ndipo Leticia ataona mapewawo anaima kaye. A Fulansisi anaweramuka, namuyang'ana, namupatsa moni ngati tsiku lina lililonse.

"Leticia. Mwayenda bwanji, amayi?"

"Ndayenda bwino, amalume."

"Msewu sunakuvuteni ndi mvulayi?"

"Pang'ono."

"Kutauni kuli bwanji?" A Fulansisi anatsamira pampini wa khasu. "Amako adzuka bwanji?"

Leticia anagwada m'matopemo, pakati pa mizere ya mpiru, naika manja pamaondo.

"Amalume, kutauni sikuli bwino. Mlongo wanu, amayi anga, atisiya dzulo m'mawa. Ndabwera kudzakuuzani. Ndinayenera kubwera dzulo."

A Fulansisi anazika khasu pansi pang'onopang'ono. Anavula chipewa, nachiyang'ana ngati sakuchidziwa. Kenako anakhala pansi mwaphuu, miyendo itatambalala ngati ya mwana, ndipo kulira kumene kunatuluka mwa iwo kunali koopsa kukumva.

"Nambewe! Mlongo wanga ine! Wandisiya ndi yani, Nambewe!"

Kumtunda mayi Tamiwe analandira, nyumba yoyandikana inalandira, ndipo posakhalitsa mudzi wonse unali kulira. Leticia nayenso analira, koma kulira kwa tsopano kunali kosiyana ndi kwa kuchipatala. Uku kunali ndi poti n'kutsamira.

Atabwerera kunyumba, a Fulansisi anasamba kumaso, naitanitsa a Sankhani, mkulu wa adzukulu. Makasu anali atanoledwa kale dzulo, akungodikira mawu. "Kumanzere kwa amayi athu," anatero a Fulansisi, "ndibwera ndidzakulozereni." Leticia anaimbira Boyd.

"Akukakumba. Konza galimoto ya bokosi, mawa tibwera nawo kuno."

"Avomera? Mwawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti amayi amwalira."

Boyd anati, "Basi?"

"Basi. Ukafika udzagwade, ndipo udzavule magalasi akudawo."

Mayi Tamiwe anabweretsa phala, ndipo a Fulansisi anamwa lonse osaweramuka. Leticia anadikira mpaka atapukuta pakamwa. Funso linali kumuyabwa, ndipo iye sanali munthu wogona ndi funso.

"Amalume, sindikudzichotsa mlandu. Koma n'chifukwa chiyani nambala yanu mulibe m'kompyuta? Amayi anaika aliyense, ngakhale wogula kapaketi kamodzi ka tomato."

A Fulansisi anaseka pang'ono, maso adakali ofiira.

"Andiikemo ndine kasitomala? Ine ndinkamva anthu onsewo asanamve. Uthenga uliwonse asanautumize ankandiimbira, n'kundiwerengera. Amvekere, achimwene, tamverani, mlimi amva zimenezi? Ndikati Chizungu chachuluka, ankachotsa. Ndikati mwezi uno anthu alibe ndalama, usawakhumbize, ankasiya. Nthawi zina ankangofuna kumva ngati ndadya."

Leticia anakumbukira mmene amayi ankanenera kuti, "Usadine kaye," n'kutuluka ndi foni kupita kuseri kwa matumba a feteleza. Zaka zonsezo iye ankayesa kuti akupita kukapemphera, kapena kukakalipira a malole. Anamva nsanje pang'ono, ndipo anamva chisoni chachikulu, kuti panali mayi ake ena amene iye sanawadziwe ngakhale ankakhala nawo pakauntala imodzi.

"Anthu aja akudikira kumva malo ndi nthawi," anatero. "Ndiyenera kutumizanso."

"Tumiza. Chinthucho si choipa. Chinangodumpha khomo."

Leticia anatola foni pamphasa, nalemba msangamsanga monga mwa chizolowezi chake. Chala chinali chitafika kale podina pamene anaima. Anasendera pafupi ndi mpando wa amalume, nagwada.

"Amalume, tamverani."

A Fulansisi anatsinzina, napendeketsa mutu, khutu lakumanja lili kwa iye. Zinaoneka kuti thupi lawo linazolowera kukhala chotero.

"Mwambo woika m'manda mayi Rosina Mbewe uchitika mawa m'mawa kumudzi kwawo kufupi ndi Tamanda. Nonse mukupemphedwa kufika molawirira."

"Mawa m'mawa?"

"Inde, kuti a ku Lusaka abwerere kudakali kowala."

"A ku Lusaka sabzala kanthu." Anatsegula maso, nayang'ana kuminda ya kutsidya kwa dambo. "Ife a m'mudzi muno khasu sitigwira mpaka titaika, umenewo ndi mwambo wathu. Koma awo a ku Mwami, a ku Mtenguleni, nthaka yawo yanyowa dzulo, ndipo dzuwa la mwezi uno silichedwa kuumitsa. Amako anatha moyo wawo akukalipira anthu ochedwa kubzala. Ukufuna anthu asiye mbewu m'thumba chifukwa cha iwo? Angakukalipire ali m'bokosi momwemo."

"Ndilembe bwanji?"

"Monga akanalembera eni ake. Bzalani kaye. Maliro ndi masana."

Leticia anafufuta, nalemba mawuwo pamwamba, malo ndi dzina pansi pake. Anawerenganso mokweza, pang'onopang'ono, ndipo chala chake sichinadine mpaka amalume atagwedeza mutu.