Maliro a pa Sipika

Dorika anakana kulira. Gulu la masewero la ku Kavalamanja linakonza sewero lochenjeza za ng'ona, iye n'kupatsidwa mbali ya mkazi wamasiye. Koma poyeserera, akafika pa maliro ankangoti pakamwa tseke.

"Alamu, lirani kamodzi chabe ndimve pamene mawu anu afikira," anatero Tobiyasi, woyang'anira makina a mawu. "Apo ayi, geini yokwezera mawu ndiitchera bwanji?"

"Akulu anu ali pamadzi, inu mukuti ndilire maliro? Mufuna ndiwaitanire tsoka?"

Tobiyasi anaseka, koma kunali kuseka kwa mano okha. Yosiya, mkulu wake komanso mwamuna wa Dorika, anapalasa bwato mamawa kukaonjola maukonde kuseri kwa chilumba, kusiya mwana wawo Tamanda thupi likutentha.

"Chabwino, muzingonong'ona. Makina akulirirani."

Anamumangirira kamaikolofoni kopanda waya pa bulauzi, n'kupotokola geini mpaka ngakhale mpweya wa Dorika unkamveka pa sipika. Mwamunayo anadziona wanzeru, kalanga ine!

Masana anthu anadzaza bwalo. Anyamata analowa atanyamula wosewera mbali ya mwamuna womira, atamufunditsa chitenje, mapazi ong'aluka ali panja ngati a msodzi aliyense. Dorika atawaona mapaziwo, za kunong'ona zinathera pomwepo.

"Mayo ineee! Mwandisiya ndi yani ineee!"

Sipika zinang'amba mudzi wonse, mawu n'kutsetsereka pa Zambezi. Tobiyasi analumphira pa makina n'kuzula waya, koma mochedwa. Kumadimba amayi anali atayamba kale kuyankha, ndipo awo sankachita sewero.

Tobiyasi anathamangira pa mtunda n'kuyang'ana kumadzi.

Bwato la Yosiya linkabwera. Mwamuna sasokoneza kulira kwa mkazi wake, ndipo Yosiya ankadziwa mmene anamusiyira mwana. Sankazungulira chilumba monga achitira msodzi aliyense wofuna kukalamba. Ankadula pa mpata wa mvuu, akupalasa ngati wamisala.

"Akulu! Ndi sewero chabe! Bwererani!"

Mphepo inawameza mawuwo. Tobiyasi anabwerera kumakina akupunthwa, anam'tsomphola Dorika kamaikolofoni, n'kuyamba kufunafuna polowetsa waya uja. Waya unkangophonya.

"Alamu, chavuta n'chiyani?" anafunsa Dorika. Kenako nayenso anayang'ana kumtsinje.

Patsogolo pa bwato, timakutu tiwiri tinatulukira pamadzi. Pambali pake, tina tiwiri.

Dorika anatsegula pakamwa.

"Musalire, alamu," anatero Tobiyasi, waya uli m'manja. "Chonde, musalirenso."