Kachipangizo Komwe Telala Sanaitanitse

Telala wina wamkazi anang'amba tepi ya katoni ndi sizasi yodulira nsalu, bambo ake atakhala pa benchi ya makasitomala, khosi atalisolola ngati nkhuku yomwe yaona chimanga. Anachotsa mapepala ofwanyika, natulutsa kabokosi koyera. Atakatsegula anangoti kakasi.

Iye anaitanitsa kachipangizo kothandiza kumva, kakang'ono ngati nyemba, kolowetsa m'khutu. Makutu a bambo ake anali atagontha pang'onopang'ono, mpaka anthu a mumsewumo anawapatsa dzina loti a Mwatibwanji, chifukwa ndilo linali yankho lawo pa moni, pa nthabwala ngakhale pa uthenga wa maliro. Telala anakapeza kachipangizoko m'sitolo ya pa intaneti ya kutsidya kwa nyanja, koma eni sitoloyo sankatumiza katundu kudziko lino. Kasitomala wina ndiye anamulozera kampani yomwe imakubwereka adiresi ya nyumba yawo yosungiramo katundu kunjako. Sitolo imatumiza kumeneko, iwo n'kukutengera katunduyo pa ndege kudzafika naye ku ofesi yawo m'tauni. Bambo ake atamva zimenezi, atawakuwira kangapo, anaseka mpaka kutsokomola, nati mwana wawo wakhala ndi nyumba kunja asanaonepo mkati mwa ndege.

Koma chomwe chinali m'manja mwake tsopano chinali china. Chinali ngati foni yonenepa, chokhala ndi kagalasi, chingwe chopotana, ndi kamutu ngati ka tochi kumapeto kwake. Pambali panali kabotolo ka mafuta oterera.

"Zonsezi zilowa m'khutu muno?" anafunsa a Mwatibwanji.

Telala anapukusa mutu. Mkuluyo anachilanda, naika kamutuko kukhutu, kenaka kukamwa n'kunena kuti alo. Anati mwina ndi wailesi ya apolisi. Mayi wa saluni yoyandikana ndi shopu ya telalayo, yemwe analowa atanyamula chipeso, anati n'chosisitira makwinya a kumaso, ndipo anapempha kuti ayambe ndiye. Telala anakana, mayiyo nabwerera ku saluni yake. Mtima unkamuwawa kuti wadikira milungu yonseyi pachabe, komabe maso ake sankachoka pa chinthucho. Munthu wanji angaitanitse zotere kuchokera kutali konseko?

Safunsa anadya phula. Anaimbira foni ku ofesi ya kampani ija. Kalaliki wa kumeneko anapumira m'mwamba ngati watula mtolo. Anapepesa kuti pomanga katundu kunjako anasinthanitsa makatoni awiri, ndipo mwini chinthucho, mphunzitsi wina, wakhala akuimba kuyambira m'mawa. Anapempha chilolezo chouza mphunzitsiyo komwe kuli shopu, poti sukulu yake inali pafupi.

Mphunzitsiyo anafika ataweruka, choko chikadali m'zala. Anali mayi wachitsikana, wovala diresi lotaya, ndipo diso la telala, lozolowera kuyeza ziuno, linaona msanga kuti ndi woyembekezera. Anapereka kapaketi kakang'ono ka telala komwe analandira molakwika, nalandira kabokosi kake ndi manja awiri.

Telala anaika kabatire m'kachipangizo ka bambo ake, nakakankhira bwinobwino m'khutu. Mkuluyo anadzidzimuka, nadandaula kuti kakulira ngati udzudzu. Telala anakachepetsa mphamvu. Mkuluyo anayamba kuphethira, mutu ataupendeketsa.

Mphunzitsi sanachoke. Anaima pafupi ndi makina osokera, akutembenuza kabokosi kake.

"Pepanitu asisi, ndisafe ndi funso," anatero telala. "Kameneka n'kachiyani? Pano tinatsala pang'ono kusita nako nkhope."

Mayiyo anaseka pang'ono, kenaka anayang'ana pansi. Anafotokoza kuti n'komvetsera kugunda kwa mtima wa mwana ali m'mimba. Anali atapita padera kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anayenda masiku ambiri osadziwa kuti mkatimo mwazizira. Kusikelo amapita ndithu, ndipo anamwino anamuchenjeza kuti chinthuchi sichilowa m'malo mwa iwo, koma masiku a pakati pa ulendo wina ndi unzake ankamutalikira ngati chaka. Mwamuna wake anali woyendetsa lole, ndipo sabata imeneyo anali pa msewu.

"Ndakhala ndikukadikira ngati mvula," anatero motsitsa mawu. "Koma pano ndikuopa kukayatsa ndili ndekha m'nyumba. Nanga ndikapanda kumva kanthu?"

Telala anayang'ana diresi la kasitomala lomwe linali litapanidwa pa singano, lofunika mawa lake. Kenaka anadzuka, nakankha chitseko cha shopu, n'kukoka katani ya kachipinda koyesera zovala. Anayala nsalu zotsalira pa tebulo lodulira lomwe analikokera mkatimo, nauza mlendoyo kuti agone chagada. Anamulonjeza kuti akapanda kumva kalikonse, atseka shopu n'kupita naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Awiriwo anawerenga kabuku ka malangizo mitu itagundana, akutsutsana pa zithunzi. Telala anafinyira mafuta aja pamimba, mayiyo nanjenjemera ndi kuzizira kwake. Atayatsa, kachipangizo kanayamba kusokosera ngati wailesi yosowa siteshoni. Anayendetsa kamutu kaja kumanzere. Phokoso lokhalokha. Anakatsitsa pansi pa mchombo, ndipo kunamveka kugunda kolemera, kwapang'onopang'ono. Telala anatsala pang'ono kululutira, koma mphunzitsi anamugwira dzanja, nati umenewo ndi mtima wake womwe. Wa mwana umathamanga.

Anapitiriza. Thukuta linayamba kutsika m'khosi mwa telala. Mayiyo anali atatseka maso, zala zake zitamira mu nsalu. Telala anayamba kuganiza za komwe angapeze galimoto mwachangu. Anapendeketsa kamutuko pang'ono, monga amachitira ndi nsalu yoterera ikamakana kulowa pa singano, nakanikiza mofatsa chakumanja.

Mwadzidzidzi kunabwera kaphokoso kena, kopepuka ndi kofulumira, kosaphonya: gu-gu-gu-gu-gu.

Misozi ya mphunzitsi inatsikira m'makutu mwake. Telala anagwira kamutuko ndi manja awiri, kuopa kutaya malowo.

Kuseri kwa katani benchi inalira, ndipo mawu a a Mwatibwanji anamveka, osakuwa monga mwa masiku onse, koma otsika ngati a munthu wolankhula m'chipinda mogona khanda.

"Iwe mwanawe, ndani akuthamanga m'menemo?"

Amayi awiriwo anayang'anana. Mphunzitsi anaseka kulira kuli pakamwa, napukuta m'maso ndi mkono. Telala anafuna kuzimitsa, koma mayiyo anamuletsa.

"Kwezani mawu pang'ono, asisi," anatero. "Agogo amve bwino."