Phazi Lamanzere la Kaputeni

"Vulani nsapato, Kaputeni, mugone apa," anatero dokotala wa asilikali.

Kaputeni anawerama pang'onopang'ono ngati wasenza mazira. Kwa zaka khumi ndi zinayi anali akuyendetsa helikoputa atapinda msana, mkono uli pantchafu, mpando ukunjenjemera tsiku lonse. Msanawo unayamba kupweteka kalekale, koma tsopano phazi lamanzere linkachita dzanzi. Kunyumba zingwe za nsapato ankamumangira ndi mkazi wake.

Oyendetsa ndege ali ndi lamulo lawo losalembedwa: kwa dokotala sudandaula. Ukangotchula msana, basi wauluka komaliza, ukakalambira muofesi.

"Msana uli bwanji?"

"Ngati wa mnyamata, adokotala."

"Nonsenu mumatero. Ine ndiye ndimangopima anyamata a imvi okhaokha," anatero dokotala akutenga singano. "Tsinzinani. Ndikakubayani mukamva, munene."

Kaputeni anali atatsinidwa khutu kale ndi oyendetsa ndege anzake. Dokotalayu ankabaya motsatizana pa liwiro limodzimodzi, choncho kunali kungowerenga chamumtima mpaka katatu, n'kuyankha.

Kuphazi lamanja singano anaimvadi. Atamva dokotala akusunthira kumanzere, anayamba kuwerenga.

"Ndamva."

Anawerenganso.

"Ndamva... Ndamvanso."

Kunja makaniko ankayesa injini.

"Tsegulani maso, Kaputeni."

Dokotala anali ataima chapatali, atapinda manja. Singano inali m'kambale patebulo.

"Kumanzereku ndakubayani kamodzi kokha, poyamba penipeni, inu osanena kanthu. Zinazo mwamva zochokera kuti? Bodza lilibe mwendo, bwana wanga."

Kaputeni anangoyang'ana kudenga.

"Phazi limeneli ndi lomwe mumapondera chowongolera mchira wa ndege?"

"Ndi lomwelo."

"Mumalimva likaponda?"

"Ndimaliyang'ana."

"Kumbuyo kwanu mumanyamula anthu angati?"

"Khumi ndi awiri."

Dokotala sanafunsenso. Anakhala pansi, nalemba mizere iwiri, kenako n'kudinda chidindo.

"Kuyambira lero simuuluka. Mawa mupite akakujambuleni msana."

"Mpaka liti, adokotala?"

"Mukanabwera chaka chatha ndikanakuuzani tsiku."

Kaputeni anadikira kuti mwina akwiya, kapena achita manyazi, kapena misozi ibwera. Palibe chinabwera. Mumtima munangoti phee, ngati nkhaniyo inali ya munthu wina.

Anadzuka motsamira chigongono, natsitsa miyendo pabedi. Simenti inali yozizira. Anaimva ndi phazi limodzi lokha.