Ndakatulo ya Tikondwe ndi Botolo la Azakhali

"Mayi a Tikondwe, zimene mwanayu akumva kunyumba zimupweteka," anatero a Elifala, aphunzitsi a Sitandade 5, akupatsira Faines kope. "Ndinati ana alembe ndakatulo yonyadira khungu lawo. Taonani za wanuyu."

Faines anawerenga:

Ndine wakuda ngati chitsa chopserera,
pojambulitsa amandiimika kumbuyo.
Ndikadzayera ndidzaima kutsogolo,
azakhali adzandigwira paphewa.

Gwero la mawu amenewa Faines ankalidziwa. A Margareta, mlongo wa mwamuna wake, amene ankagulitsa mafuta odzola ku Dzaleka, ankamutchula mwanayo kuti Makala. Koma Faines anali mtengwa, wokhala kwawo kwa mwamuna ku Msakambewa, ndipo mawu ake pakhomopo sankapita patali. Madzulo anayesabe kuuza Lester, mwamuna wakeyo.

"Ndi nthabwala chabe, iwe," anatero Lester. "Wayamba kuopa ndakatulo? Fomu 4 yakoyo ikukuvutitsa."

A Margareta, amene ankakhala pakhomo pomwepo, anaseka chikhakhali. "Alamu, mtsikana wakuda bii chonchi adzamufunsira ndani? Ife timanena pofuna kuthandiza."

A Elifala anathandiza Tikondwe kulemba ndakatulo ina yoti akalakatule tsiku lotsekera sukulu. Koma masiku amenewo Faines ankaona mwana akukanda masaya, akuthawa dzuwa. Anafufuza m'chikwama, ananunkhiza ndi yunifolomu yomwe, osapeza kanthu. Akamufunsa, ankangoti, "Palibe, amayi."

Tsiku lolakatula, Tikondwe anadzuka nkhope itatupa, masaya atasupuka. Pansi pa mphasa yake panali kabotolo kopanda dzina.

Kuchipatala ku Mtengowanthenga, namwino anakayang'ana kabotoloko napukusa mutu. "Mafuta oyeretsa awa amadya khungu, la mwana ndiye msangamsanga. Zilonda zipola, koma za zipsera sindikulonjezani. Asadzolenso. Anakupatsa ndani, mwanawe?"

Tikondwe anawerama. "Azakhali. Anati ndiyere ndisanaime pamaso pa anthu, koma ndisauze amayi."

Atabwerera, a Margareta sanachite ndi manyazi omwe. "Anachita kuchulutsa yekha ameneyu. Akapola tidzayesa ena ofatsirapo."

Faines anayang'ana Lester. Lester anapitiriza kusankha fodya, osadzutsa mutu.

M'nyumba, Tikondwe anafunsa motsitsa, "Amayi, anzanga alakatula popanda ine?"

"Alakatula, mwanangu."

Faines anayamba kulongedza katundu wake ndi wa mwanayo. Anapinda yunifolomu, naika mankhwala a kuchipatala m'chikwama. Sankadziwa ngati achimwene ake ku Ntchisi akamulandira kapena akamubweza kubanja. Chimene ankadziwa n'chakuti pakhomo pano botolo lina libwera, ndipo palibe amene adzaliletse.

"Ugone msanga lero," anamunong'oneza mwanayo. "Tinyamuka kusanache."

Phunziro: Mwana amakhulupirira zimene akuluakulu amanena za khungu lake. Akalemba kapena kulankhula zodzida, timvetsere msanga, ndipo mafuta oyeretsa khungu asayandikire thupi lake.