Eda Itatha

Bambo Zubairu atamwalira, mkazi wawo, mayi Kulusumu, analowa eda monga chipembedzo chimanenera: miyezi inayi ndi masiku khumi wamasiye ali pakhomo, osadzikongoletsa, osapita kumsika kwa Chikweo kapena ku ukwati. Anaisunga edayo mpaka mudzi wonse unagoma. Sankatuluka m'chipinda, sankayankhula, chakudya ankangolawa. Amayi akumzikiti akabwera kudzawaona ankachoka akuyamikira. "Akazi amakono aonere pamenepa," ankatero.

Shamim, mwana wawo yemwe ankasoka zovala ku Balaka, ankamva matamandowa pafoni, mtima n'kukhala pansi.

Tsiku lotuluka eda anabwera ndi chitenje chatsopano. Madzi anatenthetsedwa, mpunga unaphikidwa. Mayi Kulusumu anasamba, anavala chitenjecho, anathokoza aliyense, kenako anabwerera pamkeka womwe uja n'kuyang'ana kukhoma.

Patatha milungu itatu Shamim anabweranso, n'kuwapeza pomwepo. Chinangwa kumunda chinali chitamira m'udzu. Miphika yaikulu amayi ake anali atagawa, mbuzi ziwiri ataperekanso kwa achibale. Pofuna sopo m'sutikesi, Shamim anapezamo nsalu yoyera yopindidwa bwino. Telala safuna tepi kuti adziwe ntchito ya nsalu. Inali sanda, yokulungira maliro.

"Amayi, sanda imeneyi ndi ya ndani?"

"Ndinatuma munthu akandigulire. Kuti usadzavutike."

"Mukudwala chiyani?"

"Sindikudwala. Ndangotopa kukutherani chakudya."

Shamim anapita kwa a Abdulrahim, achimwene a amayi ake. Anawapeza akukonza tcheni cha njinga.

"Amjomba, amayi akudwala."

"Akumva pati? Mutu? Malungo?"

"Sakumva kuwawa paliponse."

"Ndiye matenda anji opanda malo? Iwe, chimenechija ndi chikondi. Inu akutauni mwamuna akamwalira Lolemba, Lachisanu mwayamba kale kupaka milomo."

"Agula sanda yawo."

Sipanala inaima. A Abdulrahim anapukuta manja nthawi yaitali. "Ndiye ukufuna ukawasiye kuchipatala cha amisala ku Zomba, anthu azitiloza kuti mtundu wathu uli ndi misala?"

"Aloze, amjomba. Ine ndikufuna amayi anga amoyo."

M'mawa mwake mayi Kulusumu anawakweza pa njinga yamoto, Shamim atawagwira kumbuyo kuti asagwe. Kuchipatala anaonana ndi nesi woona za maganizo, dzina lake Luckness. Sanatulutse jekeseni. Anakoka mpando n'kuyamba kufunsa: amagona bwanji, amadya bwanji, chilipo chomwe chimawasangalatsabe? Mayankho ankabwera amodziamodzi, otsika.

"Mayi, ndikufunseni mosabisa. Munaganizapo zodzichotsa moyo?"

Shamim anafuna kuwayankhira kuti iyayi. Nesi anamuletsa ndi dzanja.

"Ndi haramu, Mulungu amaletsa," anatero mayi Kulusumu. "Ndiye ndimangodikira. Koma masiku ena kudikirako kumatalika."

Luckness anatembenukira kwa onse awiri. "Chisoni cha maliro chimabwera n'kupepukako, munthu amalira, kenako amadya, amaseka ndi anzake. Izi zapitirira pamenepo. Awa ndi matenda okhumudwa. Si misala, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Amachizika. Kodi achemwali, munayamba liti kuona kuti asintha?"

Shamim anakumbukira matamando aja. Miyezi yonse ija matenda anali pamaso pa mudzi wonse, ndipo mudzi unkawaombera m'manja. Iyenso ankaombera nawo, pafoni.

"Musadzidzudzule," anatero nesi. "Eda sinawadwalitse. Inangobisa."

Anawapatsa mapiritsi, limodzi tsiku lililonse, n'kuwachenjeza kuti amatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti ayambe kugwira, choncho asawasiye panjira. Azibwera milungu iwiri iliyonse kudzacheza naye. Asamakhale okha. Mapiritsiwo asunge Shamim, ndipo mankhwala opopera thonje achoke m'nyumbamo tsiku lomwelo.

Shamim anatseka shopu yake ku Balaka, n'kubweretsa makina osokera kumudzi. Mlungu woyamba sipanasinthe kanthu, wachiwirinso chimodzimodzi. Amayi ake ankawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa, iwo n'kukhala ngati katundu woikidwa. A Abdulrahim ankadutsa tsiku lililonse.

"Mapiritsi ako aja akuti bwanji?"

"Akubwera, amjomba."

"Akwera basi yochedwa."

Komabe ndi iwo omwe anatenga mabotolo a mankhwala a thonje kukatsekera kwawo, ndi iwonso omwe anapempha shehe kuti azibwera kudzapemphera ndi mlongo wawo Lachinayi lililonse.

Mu mlungu wachisanu, masana ena, Shamim akusoka yunifolomu pakhonde, amayi ake anayankhula osafunsidwa.

"Tsiku lomwe unabadwa ndinawatuma bambo ako bulangete. Anabwera ndi wailesi."

Shamim anachotsa phazi pa makina.

"Akuti mwana azimva nkhani." Mayi Kulusumu anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene waiwala kasekedwe. Kenako nkhope inasintha, n'kuyamba kulira mokweza, akutchula dzina la mwamuna wawo, mapewa akugwedezeka.

A Abdulrahim anabwera akuthamanga, nsapato imodzi ili m'manja. "Waona, iwe Shamim? Anali phee munthuyu. Taona zomwe achita mankhwala ako."

Shamim anasiya makina. Anakhala pamkeka n'kuwakumbatira amayi ake. Sankadziwa ngati mawa adzadzuke bwino kapena adzayang'anenso kukhoma. Nesi anali atanena kuti masiku oipa adzabwerabe, ndipo mankhwala adzapitirira miyezi yambiri. Chomwe ankamva chinali dzanja la amayi ake, litamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kuwawa.

"Usabwerere msanga ku Balaka," anatero mayi Kulusumu kulira kutachepa. "Ndikuopa kutsala ndekha ndi maganizo amenewa."

"Sindichoka, amayi."

A Abdulrahim anaima pomwepo kwakanthawi. Kenako anavala nsapato yawo ija, n'kukhala pansi pafupi ndi mlongo wawo.