Laisensi Ili kwa Mlamu

Seva yatsopano, kompyuta yaikulu yosunga ntchito zonse, itafika pa kampani yogulitsa matayala, bwana anayisisita ngati khanda. Yakale ija inkalira ngati chigayo, ndipo ikatentha ntchito yonse inkaima.

Katswiri wa makompyuta, amene onse ankamutchula kuti Mayi Mawaya, analumikiza zingwe n'kuyatsa, kenako anacheuka.

"Bwana, yakale ija ili kuti?"

"Inapita. Bwanji?"

"Laisensi ya pulogalamu yoyendetsa seva idakali mmenemo. Eni ake saloleza kuti ikhale m'makina awiri. Ndikayichotse kaye uko, ndiye ndiyilowetse muno."

Bwana anakanda m'mutu. Akazi awo anali atapereka kale chimakinacho kwa mchimwene wawo, wometa tsitsi, munthu wosataya ngakhale msomali wopindika.

Anakamupeza m'kachipinda kake kometera. Seva inali patsogolo pa galasi atayiyalira kansalu, ndipo pamwamba pake panakhala kasitomala wonenepa, mutu wometedwa mbali imodzi.

"Alamu, tabwerera chinthu chija," anatero bwana.

"Mwayamba liti kulanda zopereka, alamu? Mpando wabwino uwu, sugwedera."

"Mpandowo sititenga, bambo," anatero Mayi Mawaya. "Tingochotsamo laisensi."

Wometayo anazimitsa makina ake ometera.

"Muli chiyani?"

"Laisensi."

"Ndiye munandipatsa chinthu cha laisensi m'mimba osandiuza? Ndi yaikulu bwanji?"

"Siyioneka ndi maso."

"Ehe! Mwayamba kale kubisa."

Anamuimiritsa kasitomala uja, n'kunyamula sevayo, kuyigwedeza pafupi ndi khutu, kuyiyeza kulemera m'manja. Kenako analola, koma anati ayang'anitsitsa yekha chilichonse chotulukamo.

Soketi inalipo imodzi yokha, choncho anazula makina ometera. Mayi Mawaya analumikiza kasikirini ndi kiyibodi zimene anabwera nazo. Seva itangoyaka inabangula, n'kulavula tsitsi lonse limene linalowa m'timabowo take. Bwana anayetsemula mpaka misozi. Mayiyo anadinadina mabatani, wometa ali pambali pake, maso ali tong'o.

"Ndatha," anatero.

"Mwatha chiyani? Tambasulani manja."

Anatambasula. Munalibe kanthu. Wometa anasuzumira m'chikwama cha mayiyo, anayang'ana pansi pa tebulo, kenako ananyamulanso seva.

"Yapepuka!" anakuwa. "Alamu, yapepuka iyi! Mwandichotsera mtima wake!"

"Ndi mmene inalili, bambo."

"Manja angawa sanama, mayi."

"Achimwene," anatero kasitomala, "ipepuke isapepuke, mutu uwu ndipita nawo kuti?"

Wometa atayiika pansi, kasitomalayo anakhalanso pampando paja, n'kumwetulira. "Koma wafunda bwino tsopano."

Wometa anaganiza kaye. "Mwamva, alamu? Ukadali ndi moyo. Pitani nayo laisensi yanuyo, koma achemwali ndiwauza."

Atabwerera ku ofesi, Mayi Mawaya analowetsa laisensi mu seva yatsopano, ndipo zonse zinayenda mwakachetechete. Anatsanzika n'kutuluka.

Bwana anasuzumira pakhomo, anaona kuti kulibe munthu, n'kutseka chitseko. Anawerama, nagwira seva m'mbali, kuti amve ngati yawonjezera kulemera. Msana unangoti khee!

Mlembi wa pa ofesipo anawapeza atapindika chomwecho, akugwira tebulo.

"Bwana, mwatani?"

"Yalowadi," anatero bwana mobuula. "Itanani galimoto. Ndipo alamu asamve."